Mudzi ukupweteka ndipo magazi akutuluka: zochita pakhomo ndi nthawi yopita kuchipatala

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 46, ndimakhala kwa Tsangano m'boma la Ntcheu ndipo ndimapanga kabaza wa njinga yamoto. Patha zaka ziwiri ndikuona magazi ndikapita kuchimbudzi, ndipo nthawi zina kanyama kamatuluka kenako n'kubwerera kokha. Sabata ino kwatuluka chotupa cholimba, chopweteka kwambiri moti sindikutha kukhala pa njinga. Anzanga akuti ndi mudzi, wina akuti ndi likango ndipo akudziwa agogo ena amene amadula ndi lezala. Kuchipatala ndikuchita manyazi. Nditani?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi nkhani ya lezalayo, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi imene ingakuikeni m'mavuto msanga kuposa nthenda yeniyeniyo. Musadulitse. Chimene mukuchikhudza ndi chala kumeneko si kanyama kongomera pakhungu ayi, ndi mitsempha ya magazi imene yatupa. Munthu akaicheka magazi amatuluka ambiri, ndipo pakhomo palibe chomangira mtsempha wotero. Komanso malowo ndi njira ya chimbudzi, choncho bala lililonse limakumana ndi tizilombo tsiku ndi tsiku. Limatha kuchita mafinya, kuola, mwinanso kubweretsa kafumbata. Lezala limene ladula anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ichi: pakhomo pa njirayo pali mnofu wozungulira umene umagwira chimbudzi ndi mpweya kuti zisatuluke nthawi yosayenera. Mnofu umenewu ukadulidwa, bambo wamkulu amayamba kudziipitsira osadziwa, ndipo kuukonza n'kovuta ngakhale kwa madokotala a opaleshoni. Kwa ena balalo likapola limasiya chipsera chochepetsa njira, munthu n'kumavutika kuchimbudzi moyo wake wonse. Agogowo mwina ali ndi mtima wofuna kuthandiza, koma sangaone zimene zili mkati.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, zikuoneka kuti mavuto anu ndi awiri, ngakhale gwero lake ndi limodzi.

Munthu aliyense amabadwa ndi timagulu titatu ta mitsempha ya magazi mkati mwa kotulukira chimbudzi. Timathandiza kuti njirayo izitsekeka bwino. Munthu akamadzimbidwa kawirikawiri n'kumachima mwamphamvu, kapena akamakhalitsa m'chimbudzi, mitsemphayi imadzaza magazi, imatupa, ndipo pang'onopang'ono imatsetsereka kutsikira kunsi. Umenewu ndiye mudzi wamkati. Kumene umayambirako kulibe mitsempha yomva ululu, n'chifukwa chake munthu amangoona magazi ofiira kwambiri akudontha akamaliza kudzithandiza koma osamva kuwawa kwenikweni. Kuchipatala timaugawa magawo 4. Woyamba umangotulutsa magazi osaonekera kunja. Wachiwiri umatuluka pochima n'kubwerera wokha, ndipo ndi umene mwakhala nawo zaka ziwirizi. Wachitatu umafuna kuubwezera ndi chala. Wachinayi umakhaliratu kunja, ngakhale muukankhe subwerera.

Chotupa cha sabata inochi ndi nkhani ina. Kunja kwenikweni, pansi pa khungu lozungulira kotulukirako, kulinso mitsempha, ndipo khungu limeneli limamva ululu kwambiri. Nthawi zina munthu akachima, akanyamula katundu wolemera kapena akatsegula m'mimba, magazi amaundana mumtsempha umodzi. Pamatuluka kachotupa kolimba, kakuda mofiirira, kosalola kukhudzidwa. Ululu wake umafika pachimake masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako umayamba kutsika. Kachotupako kamaphwa pang'onopang'ono m'milungu iwiri kapena itatu, ndipo nthawi zina kamaphulika kokha n'kutulutsa magazi akuda oundana, munthu n'kumva kupepuka. Kakaphwa kamatha kusiya kachikopa kolendewera kamene sikoopsa. Mukafika kuchipatala maola 72 asanathe, adokotala angathe kubaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kuchotsa magazi oundanawo, ululu n'kuchepa tsiku lomwelo. Masiku atatuwo akadutsa ndipo ululu wayamba kale kutsika, nthawi zambiri timangousiya kuti uphwe wokha. Komabe dziwani kuti zimenezi ndikuzinena kuchokera pa zimene mwalemba. Chithupsa cha mafinya, kapena mudzi wamkati umene watuluka n'kukanirira kunja, poyamba zimamveka chimodzimodzi, ndipo kuzisiyanitsa kumafuna maso.

Tsono zochita lero lomwe. Tengani beseni lalikulu loyera, thiranimo madzi ofunda amene chigongono chanu chikuwalola, osati otentha. Khalanimo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, makamaka mukangochokera kuchimbudzi. Madzi ofundawo amamasula mnofu wa pakhomo uja umene umakungika chifukwa cha ululu, ndipo kukungika kumeneko ndi kumene kumawonjezera kuwawa. Musathiremo soda, sopo wochapira, mchere wambiri kapena mankhwala opha tizilombo, chifukwa amawotcha khungu limene lavulala kale. Mukatuluka dzipukuteni mongogunditsa nsalu yofewa, osakhula. Ena amamva bwino akaikapo nsalu yoyera yoviika m'madzi ozizira kwa mphindi zochepa. Pogona gonerani chammbali.

Pa ululu, panado ndi wokwanira kwa anthu ambiri: mapiritsi awiri a 500mg maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Brufen amathandizanso kuchepetsa kutupa ngati mwamwa mutadya, koma si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, mayi woyembekezera kapena amene akutaya magazi ambiri. Asipulini mumupewe, chifukwa amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Tramadol ndi mankhwala okhala ndi codeine amachepetsadi ululu, koma amalimbitsa chimbudzi, ndiye mawa lake vuto limakula. Makapisozi amene anthu amagula pamsika, a amoxicillin ndi anzake, sachiza mudzi ngakhale pang'ono. Kufamase kuli mafuta opaka ndi timankhwala tolowetsa kumatako monga Anusol. Amaziziritsa kuyabwa ndi kuwawa, koma sachotsa nthendayo. Amene muli hydrocortisone musawagwiritse ntchito kupitirira masiku 7, chifukwa amapepukitsa khungu. Mukamapita kuchimbudzi pakani Vaseline pang'ono pakhomopo kuti chimbudzi chidutse mosakhula. Kanyama kofewa kamkati kaja kakatuluka osabwerera, mungathe kukabwezera mofatsa ndi chala choyera chopaka mafutawo mutagona chammbali. Chotupa cholimbacho musachikankhe, malo ake ndi kunja komweko.

Anthu ambiri akamva ululu wotere amayamba kuopa chimbudzi. Amadya pang'ono, amapirira masiku awiri kapena atatu, ndiye tsiku lopitalo chimakhala chitauma kwambiri ndipo chimang'amba. Musalowe m'msampha umenewu. Ngati chalimba kale, pemphani lactulose kuchipatala kapena kufamase. Ndi mankhwala amadzi otsekemera amene amakokera madzi m'matumbo, ndipo amayamba kugwira ntchito pakatha tsiku limodzi kapena awiri.

Zonsezi n'zongokuthandizani kudutsa sabata yovutayi. Mankhwala enieni a mudzi ndi chimbudzi chofewa, chotuluka chokha popanda kuchima, tsiku ndi tsiku. Apa ndipamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanyozera n'kumafunafuna jakisoni.

Nsima ya ufa woyera timaikonda tonse, koma taganizirani zimene zimachitika kuchigayo. Chimanga tikachikonola, madeya timapatsa nkhumba ndi nkhuku, ife n'kutsala ndi ufa umene mulibe gaga. Gaga ameneyu ndiye amasunga madzi m'matumbo n'kupangitsa chimbudzi kukhala chochuluka ndi chofewa. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a gaga wotereyu patsiku, ndipo amapezekanso m'nyemba, masamba ndi zipatso. Tsiku la munthu wa kabaza ndimalidziwa: m'mawa tiyi ndi sikono kapena mandasi, masana chipisi pachiwaya ndi kanyama kootcha, chakumwa cha m'botolo, usiku nsima yoyera ndi ndiwo zochepa. Pa chakudya chonsechi gaga ndi wochepa kwambiri. Chonsecho inu mukukhala kudera kumene ndiwo zamasamba sizisowa, ndipo kabichi, nyemba ndi mbatata zimene zimadzaza misika ya Tsangano ndi Lizulu mwina mumazinyamula nokha pa njinga yanuyo.

Yambani ndi mgaiwa. Ngati kunyumba sanauzolowere, ayambe ndi kusakaniza theka mgaiwa theka woyera. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika yodya ndi khungu lake lotsuka bwino, m'malo mwa sikono. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zizipezeka masiku ambiri pa sabata. Kapu imodzi yokha ya nyemba zophika ili ndi magalamu oposa 10 a gaga uja. Masamba akhale ambiri m'mbale, osati kongokometsera pambali: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, khwanya, therere, ndi mfutso nthawi ya chilimwe. Papaya wakupsa amafewetsa m'mimba kwambiri. Mapeyala, mango, malalanje odya ndi nsanza zake zamkati, mapichesi nthawi yake, chimanga chootcha, zonsezi ndi zabwino. Muwonjezere pang'onopang'ono pa milungu iwiri, chifukwa mukasintha zonse tsiku limodzi mimba imadzaza mpweya ndipo mungagwe ulesi. Mu 2005 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zamankhwala, linapeza kuti kuwonjezera gaga m'zakudya kumachepetsa kutuluka magazi kwa odwala mudzi ndi pafupifupi theka. Koma si za tsiku limodzi ayi. Dzipatseni milungu 6 musananene kuti sizikuthandiza.

Gaga wopanda madzi sagwira ntchito, amangolimbitsa m'mimba. Kumapiri kwanuko, ngakhalenso ku Dedza ndi ku Bembeke, kukazizira mu June ndi July ludzu silimveka, ndipo munthu amatha tsiku lonse ndi kapu imodzi ya tiyi. Akabaza enanso amadzimana dala madzi poopa kuimaima panjira. Mangirirani botolo pa njinga, muzimwa malita awiri patsiku kapena kuyandikira pamenepo. Mkodzo wanu ndi umene ungakuuzeni: ukakhala wachikasu kwambiri, madzi akuchepa. Mowa, makamaka kachasu, umaumitsa thupi. Tsabola sayambitsa mudzi, koma pamene pali bala amawotcha potuluka, choncho muyambe mwamusiya mpaka mupole.

Kachitidwe ka m'chimbudzi nakonso n'kofunika. Chimbudzi chikakupezani pitani nthawi yomweyo, osati kudikira kuti mukatule kaye kasitomala wina ndi wina, chifukwa chikamakhalitsa m'thumbo chimauma. Matumbo amagwira ntchito bwino m'mawa munthu akangodya kapena kumwa chofunda, ndiye dzukani msanga pang'ono kuti mudzithandize musanakwere njinga. Chimbudzi chokumba chonjuta musachione ngati chotsalira. Kunjuta kumawongola njira ndipo chimbudzi chimatuluka mosavuta kusiyana ndi kukhala pa chimbudzi chamadzi. Amene ali ndi chokhalira aziika njerwa kapena kampando pansi pa mapazi kuti mawondo akwere. Chachikulu ndi nthawi: mphindi 5 zakwana. Foni isiyeni panja, chifukwa anthu ambiri masiku ano akukhalitsa m'chimbudzi akuwerenga mauthenga, mitsempha ija ikudzaza magazi nthawi yonseyo. Ngati sichikubwera, nyamukani, mudzabwerenso. Ndipo mukamva ngati chatsalira mutamaliza, musachime kuti chituluke, nthawi zambiri ndi mudzi womwewo umene ukukunamizani.

Podzipukuta, chitsononkho, nyuzipepala ndi masamba okhakhala zimakanda mitsempha yotupayo. Tengani kachigubu ka madzi, mudzitsuke mofatsa, kenako musambe m'manja ndi sopo.

Za ntchito yanu: njinga payokha siyambitsa mudzi, koma kukhala pampando wolimba tsiku lonse m'misewu ya mabampu kumaukulitsa. Masiku angapo awa pumulani ndithu, ngakhale ndikudziwa kuti tsiku losakwera njinga ndi tsiku lopanda ndalama ya ndiwo. Mukabwerera, podikira makasitomala pa siteji muzitsika n'kuimirira kapena kuyendayenda. Thumba la mbatata musamalikweze nokha mutagwira mpweya, chifukwa mphamvu yonseyo imathera kunsi. Itanani mnzanu, pindani mawondo, ndipo muzitulutsa mpweya pokweza. Ngati muli ndi chifuwa chosatha, chimenechonso chipimidwe, pakuti kutsokomola kumakankha mitsempha yomweyo.

Tsopano ndifike pa chimene chandidetsa nkhawa m'funso lanu kuposa chotupacho. Mwakhala mukutaya magazi zaka ziwiri, muli ndi zaka 46, ndipo palibe wachipatala amene anakuonanipo. Ululuwu utha, ndipo ukatha mudzafuna kuiwala zonse. Chonde musatero. Mudzi ndi wofala kwambiri moti munthu angathe kukhala nawo, n'kukhalanso ndi nthenda ina pamwamba pake imene ikutulutsa magazi. Anthu ambiri amene timawapeza ndi khansa ya m'matumbo mochedwa amakhala atatha miyezi yambiri akudziuza kuti ndi mudzi chabe. Sindikunena kuti muli nayo. Mwa anthu otaya magazi motere, ochuluka zedi amakhala ndi mudzi basi. Koma khansa imeneyi ikapezeka msanga imachizika ndi opaleshoni, ndipo siyoyambira ku ukalamba kokha. Ku America, mu 2021, anatsitsa zaka zoyambira kupima anthu onse kuchoka pa 50 kufika pa 45 ataona kuti ikugwiranso anthu ocheperapo msinkhu.

Magazi a mudzi amakhala ofiira kwambiri, amadontha pomaliza, kapena amaoneka pa chopukutira ndi pamwamba pa chimbudzi. M'chimbudzi chokumba n'kovuta kuona zimenezi, choncho tsiku lina dzithandizireni pa pepala kapena m'kachitini kuti muone bwinobwino. Magazi akakhala osakanikirana ndi chimbudzi, akuda, kapena otuluka ndi zonanda ngati mamina, akuchokera kumtunda. Chimbudzi chakuda bii, chomata ndi chonunkha kwambiri chimasonyeza kuti magazi akuchokera m'chifu, mwina pa zilonda za m'mimba. Zina zofunika kuwauza adokotala msanga ndi izi: kusintha kwa kapitidwe ka kuchimbudzi kopitirira milungu itatu, monga kutsegula m'mimba kosinthana ndi kudzimbidwa, chimbudzi chotuluka chopyapyala, kuonda popanda chifukwa, kusafuna kudya, kupweteka m'mimba kosatha, kapena ngati kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansa ya m'matumbo.

Palinso matenda ena amene kwathu kuno timawasokoneza ndi mudzi. Amene amasamba, kuwedza kapena kulima mpunga m'madzi a kunsi kwa phiri, cha ku Golomoti, Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje, angathe kukhala ndi likodzo la m'matumbo, limene limatulutsa magazi m'chimbudzi ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Kamwazi amabwera ndi kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi. Kang'ankha ka pakhomo pa njira kamapweteka ngati wakucheka pamene chimbudzi chikudutsa, ululu n'kukhalapo ola limodzi kapena kupitirira. Chithupsa chimapweteka mogunda usiku ndi usana, malowo amatentha, ndipo chimafuna kutumbulidwa kuchipatala. Kabowo kotuluka mafinya pambali pa njira, kamene kamatseka n'kutsegukanso, nthawi zina kamayenderana ndi TB. Njerewere za kumalo obisika, zimene ambiri amazitchanso likango, zimayamba ndi kachilombo kopatsirana pogonana ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Kwa amene ali ndi HIV, chotupa kapena bala lililonse la kumeneko lionedwe msanga. Munthu wa matenda a chiwindi amathanso kutupa mitsempha ya kumeneko, ndipo ameneyo akadulidwa ndi lezala magazi ake savuta kumutha.

Kutaya magazi pang'onopang'ono kwa zaka kumachepetsanso magazi m'thupi munthu osazindikira. Tsitsani chikope cha m'munsi pagalasi, muone ngati mkati mwake ndi mofiira kapena motuwa. Yang'ananinso zikhatho. Ngati mukutopa msanga, mukuchita wefuwefu pokwera kamtunda kamene kale simunkakamva, mtima ukugunda mothamanga kapena mukumva chizungulire poimirira, magazi achepa. Kwa munthu wonyamula anthu pa njinga yamoto, chizungulire ndi ngozi ya anthu awiri.

Pali zizindikiro zina zosadikira kuti kuche. Magazi akamatuluka osaleka kapena ndi zibuma zoundana, mukakomoka kapena kutuluka thukuta lozizira, chimbudzi chikakhala chakuda bii muja ndafotokozera, ululu ukamakula limodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, mudzi ukatuluka wonse n'kukanirira kunja ukuda ndi kutupa, kapena mkodzo ukakanika kutuluka, pezani wokunyamulani nthawi yomweyo. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, komanso odwala shuga, asamadikire ngakhale zizindikiro zikuoneka zazing'ono.

Manyazi anuwo ndikuwamvetsa. Mwambo wathu sulola bambo kuvula pamaso pa munthu wamba, ndipo mwina wokuonaniyo adzakhala wamng'ono ngati mwana wanu. Ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika m'chipindamo kuti mupite mukudziwa. Adzakufunsani mafunso: magazi anayamba liti, ndi amtundu wanji, mumapita kangati kuchimbudzi, mukumwa mankhwala anji. Kenako mudzagona pabedi chakumanzere, mawondo mutawapindira pachifuwa, atakufunditsani nsalu moti poonekera ndi pamalo pokhapo. Adokotala atavala magolovesi amayamba ndi kuyang'ana kunja. Akatero amapaka mafuta oterera pa chala n'kupima mkati mofatsa, ndipo ngati chipangizo chilipo amalowetsa kapaipi kakafupi kounikira. Zonsezi sizitha mphindi 5. Ngati ululu ndi waukulu monga mmene ulili panopa, amangoyang'ana kunja, zamkatizo n'kudzapima mukapola. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuoneni wachipatala wamwamuna ngati alipo, komanso kuti chitseko chitsekedwe. Kwa ife ogwira ntchitoyi, kumeneko ndi chiwalo ngati khutu kapena bondo, ndipo timaona anthu a vuto limeneli sabata iliyonse: aphunzitsi, madalaivala, abusa, amayi oyamwitsa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Pamzere pakakhala anthu ambiri, n'zotheka kungolemberedwa mankhwala osapimidwa, makamaka ngati wodwalayo akulankhula mozungulira kuti “m'mimba simuli bwino.” Nenani mosabisa kuti mukutuluka magazi kumatako kwa zaka ziwiri ndipo mukupempha kuti akuoneni. Pemphaninso kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi. Tengani buku lanu la kuchipatala kuti zonse zilembedwe. Mukayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, iwo angakutumizeni ku chipatala cha boma ku Ntcheu, kumene kuli fiyeta. Akaona kuti pakufunika kuunika thumbo lonse ndi kapaipi ka kamera, amatumiza ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa msinkhu wanuwu, funsani ngati kuunika kumeneku kukufunika.

Ambiri amaopa kuti akangofika ndiye kuti opaleshoni. Si choncho. Mudzi wa gawo loyamba ndi lachiwiri nthawi zambiri umagonja ndi zakudya, madzi ndi kusiya kuchima. Ukakanika, kumene zipangizo zilipo amaumanga ndi kamphira kakang'ono patsinde pake, magazi n'kusiya kufikako, ndipo umafota n'kugwa wokha pakatha pafupifupi sabata, munthu osagonekedwa n'komwe. Kwina amabaya mankhwala oufotetsa. Opaleshoni yodula ndi ya mudzi waukulu wa gawo lachitatu ndi lachinayi, kapena umene ukumaliza munthu magazi. Njira imene madokotala ambiri amatsata anaifotokoza Milligan ndi Morgan ku chipatala cha St Mark's ku London mu 1937, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kusiyana kwake ndi lezala la kumudzi n'kwakuti wodwala amakhala atabayidwa mankhwala oletsa ululu, zida zimakhala zophikidwa, mtsempha umamangidwa usanadulidwe, ndipo dokotala amadziwa pamene pali mnofu wogwira chimbudzi uja n'kuulambalala. Sindikunamizani, milungu iwiri kapena inayi yotsatira imakhala yowawa. Koma mphekesera yakuti opaleshoniyi imapha mphamvu za abambo kapena kuletsa kubereka ndi yabodza, ziwalo zimenezo sizikhudzidwa. Ndipo ngakhale mutachitidwa opaleshoni, mukabwerera ku kudzimbidwa mudzi umathanso kubwerera.

Mudzakumananso ndi ogulitsa mankhwala azitsamba m'madepoti, pa Facebook ndi pa WhatsApp, olonjeza kuti mudzi utha m'masiku atatu. Kumbukirani kuti chotupa ngati chanuchi chimayamba kuphwa chokha pakatha masiku omwewo, ndiye botolo limene munthu wamwa nthawi imeneyo ndi limene limatamandidwa. Ambiri mwa mankhwalawa ndi otsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo kutsegula m'mimba kumatupitsanso mudzi. Zopaka monga adyo, mankhwala otsukira mano, mafuta otentha opaka chimfine kapena madzi a m'batire zimawotcha khungu n'kusiya zilonda zovuta kupola kuposa mudziwo.

Popeza yankholi aliwerenganso ena, ndionjezere mawu awiri. Amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene amadwala mudzi kawirikawiri chifukwa mwana amapanikiza mitsempha, ndipo mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo amalimbitsa chimbudzi n'kuchidetsa. Musawasiye mapiritsiwo. Wonjezerani madzi, masamba ndi zipatso, ndipo muwauze anamwino. Nthawi zambiri zimatha mwana akabadwa. Kwa mwana wamng'ono, chinthu chofiira chikatuluka kumatako, kawirikawiri limakhala thumbo lenilenilo limene latsika chifukwa cha kutsegula m'mimba, njoka za m'mimba kapena kunyentchera. Phimbanipo ndi nsalu yoyera yonyowa n'kupita naye kuchipatala. Wina aliyense asayerekeze kudula.

Kwa inu bambo, ngati chotupachi sichinathe masiku atatu, pitani mawa m'mamawa, wina akunyamuleni, mwina angathe kuchotsa magazi oundanawo. Ngati masikuwo adutsa ndipo ululu ukutsika, chitani za beseni, panado ndi zakudya zija, koma mupitebe sabata ino kapena yamawa kuti akakupimeni ndi kukuyezani magazi. Ululu ukapanda kutsika pakatha sabata, bwererani. Ndipo ngati patatha milungu 6 chimbudzi chafewa koma magazi akuonekabe, musalandirenso mafuta opaka okha. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu kuti akaunike m'matumbo.